Nthawi Yozonda Matimati

Njere za matimati za a Dalaivala zinkakhala m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa pamwamba pa kabati, ndipo mmene nkhani ino ikuyamba zinali zitatsala zongophimba pansi pa kabotoloko. Musaziderere njere zimenezo. M'sitolo simungazipeze ngakhale mutazungulira tauni yonse. Kalekale, akuyendetsabe basi, a Dalaivala anadikirapo mayi wina amene ankathamangira basiyo mvula ikugwa, ndipo mayiyo potsika anawasiyira matimati atatu pampando. Anali matimati onyansa, aakulu ngati chibakera, amakwinya paliponse, koma kukoma kwake munthu nkuiwala dzina lako. Awiri anadya, limodzi analifinyira pa nyuzipepala nkuyanika pazenera. Kuyambira pamenepo, kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, ankafesa, kukolola, kusankha lalikulu koposa, kufinya, kuyanika, nkuthira njerezo m'kabotolo komweko.

Kenako sitiroko inawapeza mmawa wina akutsuka mano. Inatenga dzanja lamanja, mwendo wamanja ndi mawu. Inawasiyira maso, nzeru zawo zonse, ndi mpando wa pazenera loyang'ana kuseri kwa nyumba, kumene kadimba kawo kanayamba kumera udzu iwo akuona.

Akazi awo, a Nesi, anagwira ntchito m'wodi zaka makumi atatu ndi zinayi. Anali atapuma, inde, koma palibe amene anakumbukira kuuza manja awo. Amuna awo ankawasambitsa, kuwameta, kuwamanga mabatani, kuwagwirira kapu ya tiyi mpaka dontho lomaliza. Mayi wa mafizo amene ankabwera Lachiwiri lililonse kudzawawongola ziwalo anachita kutopa nkunena kuti abambowo azisiyidwa aziyesa okha, ngakhale atataya tiyi pamalaya. A Nesi ankavomera ndi mutu, kumuperekeza pachipata, nkubwerera kudzagwira kapu. Ana a masiku ano, ankatero mumtima, inki ya pa satifiketi isanaume nkomwe akufuna kundiphunzitsa ine kusamala munthu. Pa mkono wa mpando uja anamangirirapo belu la njinga, kuti a Dalaivala aziwaitanira ndi dzanja lamanzere.

Tsiku lina anawapeza akuyang'ana udzu uja misozi ikulengeza. A Nesi anaona zambiri pa moyo wawo, koma misozi ya mwamuna ameneyu sankatha kuipirira. Anatsitsa kabotolo kaja nkukagwedeza pamaso pawo.

"Matimati anu mudya chaka chino, abambo. Ndanena ine."

Anatero munthu amene chibadwire sanadzalepo ngakhale tsabola. Anafesa koyamba, mbande zinamera bwinobwino, zinafa. Anafesa kachiwiri, chimodzimodzi. Kabotolo kanayamba kulira mopepuka akakagwedeza.

Mwana wawo wamkazi, amene amakhulupirira kuti vuto lililonse pa dziko lino lili ndi kalasi yake, anawalembetsa kwa mlangizi wa madimba. Masiku amenewo alangizi otere anali atangoti mbwee. Kale munthu ankaphunzira kudzala poonera makolo ake. Tsopano anthu aulemu wawo, maloya, akalaliki ndi aphunzitsi opuma, ankasonkhana Loweruka lililonse kuseri kwa sitolo ya zipangizo atavala zipewa zazikulu ndi magolovesi atsopano, nkumalemba m'makope kakumbidwe ka dzenje. Ena ankadzala m'matumba, ena m'matayala, ena m'zidebe zobooka. Bambo wina wa tayi anafunsapo kuti karoti amam'thyola akakula bwanji mumtengo mwake, ndipo palibe anaseka. Onse anadikira yankho zolembera zili m'manja.

Mlangiziyo anali mtsikana wa majombo obiriwira, wamng'ono kuposa mwana wa a Nesi, dothi losachoka m'zikhadabo. A Nesi anayang'ana zikhadabozo tsiku loyamba nkukwinya nkhope. Koma mwanayo ankadziwa ntchito yake, zimenezo anavomereza. Ankangogwira tsamba nkukuuza kuti mbewuyi ili ndi ludzu kapena yakhuta mopyola.

M'kalasi monsemo panalibe wophunzira wakhama ngati a Nesi. Ankakhala kutsogolo, kope lawo lamizere yowongoka, mutu uliwonse wodulidwa mzere kunsi kawiri. Pafupi nawo pankakhala a Telala, aneba awo, amene ankafika mochedwa, opanda kope, nkusinza phunziro lonse la manyowa.

Anafesa kachitatu, ulendo uno motsatira mlangizi chilembo ndi chilembo. Ophunzira anali ndi gulu pafoni lotumizirana zithunzi, ndipo kumeneko nkumene mtima wa a Nesi unkapwetekera. Mbande za a Telala zinali zonenepa, zobiriwira, zamwano. Mwini wake analemba kunsi kwa chithunzi, osachita manyazi, kuti anaziiwala masiku atatu chifukwa cha madiresi a ukwati. Za a Nesi, zosaiwalidwa ngakhale ola limodzi, zinkati zikatha sabata ndi theka zinkayamba kuzyolika. Mlangizi poona zithunzi anati mwina madzi achepa. A Nesi anawonjezera. Anati mwina achuluka. Anachepetsa. Anatchula mthunzi, nyerere, mphutsi zodula mbande. A Nesi anachita zonse, ndipo mbandezo zinafa imodzi imodzi, mwadongosolo.

Panalinso china chowasowetsa mtendere. Mmawa uliwonse akangolowa m'dimba nkuwerama, belu linkayamba: ngirii, ngirii, ngirii. Ankasiya zonse nkuthamangira m'nyumba, kupeza a Dalaivala maso ali psu, dzanja lamanzere likuloza panja, pakamwa pakutuluka phokoso lopanda mawu. A Nesi ankasamba m'manja nkuwakulunga lamba woyezera bipi. Inali pamwamba, tsiku lililonse, nthawi yomweyomweyo. Anawachotsera mchere. Belu linalirabe. Anawachotsera shuga mu tiyi. Linalirabe. Anawalanda wailesi, poganiza kuti mpira ndiwo ukuwakweza magazi. Munthu wamkulu ankalangidwa ngati waba, akungoloza panja, ndipo a Nesi ankawasisita paphewa nkuwauza kuti asadandaule, matimati awo ali m'manja abwino.

Mbande yomaliza itafa, a Nesi anakhuthulira kabotolo pa sosala. Njere zinali khumi ndi imodzi. Anachita mantha, mantha enieni. Izi zikatha, zaka makumi awiri ndi ziwiri za mwamuna wawo zithera m'manja mwawo, mwini wake akuonerera pazenera. Anaimbira mlangizi nkumuuza kuti zithunzi zakwana, abwere adzaone ndi maso.

Mlangizi anabwera Lachinayi masana. Anagwada, anafumbata dothi, analinunkhiza, analifikisa m'manja, nkunena kuti dothi labwino chonchi sanalionepo kwa wophunzira aliyense. Anayang'ana kumene dzuwa limatulukira. Analawa madzi a pampopi. Anafukula apa ndi apo kufuna mphutsi, osapeza ngakhale imodzi. Pomaliza ananjuta pambali pa nazale yopanda kanthuyo akudzikanda m'mutu, nkuvomera kuti nzeru zamuthera.

A Nesi anati mwina makadi angathandize. Mlangizi anafunsa kuti makadi ati. A Nesi analowa m'nyumba nkutuluka ndi faelo yonenepa. Mbande iliyonse inali ndi nambala yake ndi kadi yake: tsiku lomera, masamba angati, mtundu wa masambawo, madzi amene yamwa. Mlangizi anayamba kutsegula akumwetulira, akuti akanakhala ndi ophunzira khumi otere bwenzi ntchito ikukoma. Kenako chala chake chinaima pa mzere wa kumapeto.

"Amayi, apa mwalemba kuti kutalika kwa muzu. Lolemba masentimita awiri, Lachiwiri awiri ndi theka. Mumadziwa bwanji?"

"Ndimayeza."

"Mumayeza bwanji muzu uli m'dothi?"

A Nesi anamuyang'ana mwachifundo, mmene ankayang'anira ophunzira unamwino a chaka choyamba.

"Ndimazula, mwanawe. Ndimatsuka kamuzuko m'madzi ofunda, kuyeza ndi rula, kuona ngati kali ndi zilonda, nkubwezera. Mmawa uliwonse. Munatiuza nokha kuti moyo wa mbewu uli ku mizu, ndinalemba. Nanga wodwala ungamudziwe bwanji osamuvundukula?"

Mlangizi anakhala pansi, padothi penipeni. Analeredwa bwino mwanayo, ndipo anayesetsa. Analuma mlomo, anayang'ana majombo ake, mapewa okha ndiwo ankagwedezeka. Pomwepo belu linalira pazenera, koma osati mwaukali ngati mmawa. Linkalira modukizadukiza, chifukwa woimbayo dzanja linkamuthawa. A Dalaivala ankaseka. Ankaseka ndi theka la pakamwa, mutu atautsamiritsa pagalasi, misozi ili chuchuchu, kuseka kwawo koyamba chigwereni sitiroko ija. Mlangizi atawaona analephera, anaphulika.

A Nesi anaima pakati pa awiriwo faelo ili pachifuwa. Manyazi anawagwira. Kenako mkwiyo, chifukwa sanazolowere kusekedwa ndi munthu wa dothi m'zikhadabo. Kenako chinabwera china cholemera kuposa ziwirizo. Anazindikira kuti mwamuna wawo wakhala masabata onsewa akuonerera njere zake zikuphedwa ndi rula, akuimba belu ndi dzanja limodzi lomwe linatsala, ndipo malipiro ake anali tiyi wopanda shuga. Analowa m'nyumba, anatenga wailesi ija m'kabati nkuibwezera pazenera.

Atatuluka, mlangizi anali atapukuta maso. Anawafotokozera mwaulemu kuti pa muzu pamakhala timizu tina tosaoneka bwino, tonga tsitsi la khanda, ndipo nditimene timamwa madzi. Mbande ikazulidwa timaduka tonse, imayamba mwatsopano kumeretsa tina, mawa lake nkuzulidwanso. Anati mbandezo zinali zolimba mtima kwabasi kufika sabata ndi theka. Kenako anapempha katoni ndi cholembera, analemba ndi zilembo zikuluzikulu, nkukhomerera pa kamtengo kutsogolo kwa nazale: NTHAWI YOZONDA, 6 KOLOKO MMAWA NDI 5 KOLOKO MADZULO. KUKHUDZA NKOLETSEDWA.

A Nesi anathamangitsapo abale a odwala osawerengeka ndi chikwangwani ngati chomwechi, ndiye anangogonja. Mlangizi anapita pazenera.

"Abambo, inu ndinu alonda. Akangowerama, belu."

A Dalaivala anamenya sawatcha ndi dzanja lamanzere.

Njere khumi ndi imodzi zija anafesa limodzi tsiku lomwelo, ndipo zinamera zisanu ndi ziwiri. Apa ndiye mavuto a a Nesi anayamba. Ankazungulira nazale manja ali kumbuyo ngati mkulu woyendera, zala zikuyabwa. Kodi pansipo pakuchitika chiyani? Kapena muzu wapindika? Kapena waola? Mzere wa kumapeto pa makadi unali mbee, ndipo kadi yosadzaza inkawadwalitsa mutu. Anayesa kuzemba nthawi imene a Dalaivala ankakonda kusinza, koma mlonda uyu tulo ta masana anali atatisiya. Anayesa kutseka katani ati dzuwa likuwawotcha abambo. Belu linalira mpaka katani inatsegulidwa. Tsiku lina anangowerama kuti atole chipewa chimene chinagwa, belu linalira, ndipo anakangana ndi zenera kwa mphindi zisanu, aneba akumvetsera kuseri kwa mpanda.

Masana ena otentha, mbande nambala folo inagona chammbali, masamba ali lende. A Nesi anaiona ali pachingwe choyanika zovala. Anataya mapegi, anathamanga, anagwada, dzanja linali litafika kale patsinde. Ngirii.

"Ikufa, abambo. Simukuona?"

Ngirii, ngirii.

Anaimbira mlangizi, amene anayankha akutafuna china chake, kuti ayang'ane ngati dothi lili lonyowa pansi pa chala, ndipo ngati lili lonyowa adikire madzulo. Dothi linali lonyowa. A Nesi anakakhala pakhomo la kukhitchini, atakhalira manja awo enieniwo kuti asawapereke. Maola anayi. Dzuwa litapendeka, nambala folo inadzuka yokha, inawongoka, masamba nkutambasuka ngati palibe chinachitika. A Nesi anasangalala, koma tinene zoona, zinawapwetekanso. Chinthu kuchira popanda iwo chinali chipongwe chimene sanachionepo m'zaka makumi atatu ndi zinayi.

Tsiku lookera, mlangizi anabweranso nkuwalola, kamodzi kokha, kunyamula mbande ndi dothi lake lomwe. Mizu inali yoyera, yambirimbiri, yolukanalukana mpaka kutulukira kunsi. A Nesi anaiyang'ana kukamwa kuli yasa. Dzanja lawo linayamba kuyenda lokha kupita m'thumba la epuloni kumene kunali rula. Belu linalira kamodzi kokha, motsitsa, ndipo dzanjalo linabwerera.

Patapita masiku angapo, mmawa wina, a Nesi anawaveka amuna awo malaya ngati nthawi zonse nkuwerama kuti amange mabatani. Ngirii. Anatembenuka kuyang'ana kudimba, poganiza kuti mwalowa nkhuku za aneba. Munalibe kanthu. Anaweramanso. Ngirii. A Dalaivala sankaloza panja ulendo uno. Maso awo anali pa manja a akazi awo.

A Nesi anawongoka pang'onopang'ono. Anafuna kunena kuti tiyi akuzizira, kuti amafizo sadziwa kanthu, kuti munthu sangavutike mkazi wake alipo. M'malo mwake anaika manja kumbuyo.

Batani loyamba linatenga mphindi khumi. Dzanja lamanzere linkakankha, lamanja lija linkangogwirizira nsalu, thukuta lili kamukamu pamphumi. Batani linathawa kasanu. Kachisanu ndi chimodzi linalowa, koma m'bowo la mnzake, ndipo onse otsatira analowa molakwika chimodzimodzi, kolala imodzi kukwera kufuna khutu. A Nesi anaona, nanga akanalephera bwanji kuona. Zala zawo kumbuyoko zinkatsinana zokhazokha. A Dalaivala anadzutsa mutu akupuma mwawefuwefu, nkhope ikuwala ngati tsiku limene anapatsidwa basi yatsopano.

Masana ake kunabwera a Telala kudzaona matimati otchukawo, chifukwa zithunzi za a Nesi zinali zitayamba kuvuta pagulu paja. Atalowa kudzapereka moni kwa a Dalaivala, maso awo anagwera pa malaya. Telala ndi telala. Moni anausiyira panjira, manja atatambasuka kale kupita pa kolala. A Nesi anawamenya kambama padzanja, phaa.

"Achimwene, mwabwera kudzazonda. Onani ndi maso basi."

Malayawo anakhala chopendekera tsiku lonse, ndipo mawa lake anapendekera mbali inayo. Kapu ya tiyi nayo inayamba kuyenda yokha. Theka linkathera pa thaulo, ndipo mayi wa mafizo atabwera Lachiwiri nkupeza thaulo lamadontho, anayang'ana a Nesi, a Nesi anayang'ana kudenga.

Mwa zisanu ndi ziwiri zija, imodzi inadulidwa ndi mphutsi, ina inathyoka ndi mphepo. Zisanu zinakula mpaka kupitirira timitengo tozigwiriza, zinachita maluwa, zinabereka. Matimati ake anali omwe aja, onyansa, amakwinya. Loyamba kupsa, lalikulu koposa, linali la nambala folo. A Nesi analithyola pa nthawi yozonda ya mmawa, analitsuka, analiika pa mbale ndi mpeni pambali, nkupita nalo pazenera akuyenda ngati anyamula mwana wongobadwa kumene.

"Ndinanena ine, abambo. Idyani."

A Dalaivala analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakankhira mpeni kumbali, nkuloza nyuzipepala yakale imene inali pa tebulo. A Nesi anaibweretsa, anaiyala pamiyendo pawo. Anafuna kufunsa ngati awathandize, koma anangobweza manja kumbuyo.

A Dalaivala ananyamula dzanja lamanja lija ndi lamanzere, nkuliika pamwamba pa thimatilo. Zala zinakana. Anadikira, anayesanso. Khungu la thimati linangobonyoka pang'ono. A Nesi anaima pambali manja ali kumbuyo, misozi ikutsika mpaka m'khosi, osaipukuta, chifukwa ankadziwa kuti manja akangochoka kumbuyoko sabwererako. Ankamukonda mwamuna ameneyu, ndipo kuima chonchi kunali kovuta kuposa ntchito iliyonse imene anamugwirirapo.

Ulendo wachinayi thimati linaphulika. Madzi anathovokera pa buluku limene a Nesi anasita dzulo lake, pa mkono wa mpando, ngakhale pa belu. Njere zinatsetsereka pa nyuzipepala, zambirimbiri, zoterera, ndipo a Dalaivala anayamba kuzimwaza ndi chala chimodzi cha kumanja, pang'onopang'ono, kuti ziume bwino.

A Nesi anasiya bulukulo mmene linalili. Anapita pa kabati, anatsitsa kabotolo kopanda kanthu kaja, nkukatsuka kuti kaume nako.